Mimba siidziwa kuti munasintha nchito

Makampani a inshuwalansi ya zaumoyo aleke kuyamba kutiwerengera miyezi pa ziro nthawi iliyonse tikasintha nchito.

Taonani mmene zicitikira. Mtsikana wagwira nchito zaka ziwiri, inshuwalansi yake ilipiridwa mwezi ndi mwezi. Wapeza nchito ya malipiro abwinoko, ndipo kumeneko ali ndi inshuwalansi ina. M'tizilembo ting'onoting'ono twa pa fomu mwalembedwa kuti thandizo la ubereki liyamba pakapita miyezi yakutiyakuti. Ngati walowa ali kale ndi pakati, yankho ni lakuti munabwera nayo. Munabwera nayo! Monga kuti mimba ni matenda amene munthu anabisa. Mimba ni miyezi 9 cabe. Pofika tsiku limene khadi latsopano liyamba kugwira nchito, mwana angakhale ali kale kumbuyo, sikelo ndi sikani zonse zitalipiridwa ndi kaloba.

Eni inshuwalansi amati adziteteza kwa anthu amene amalembetsa atamva kale mwana agunda m'mimba. Mwina oterowo aliko. Koma uyu sanalumphe mwezi ngakhale umodzi. Casintha ni dzina la pa khadi.

Lamulo la nchito nalo litimenya pa cilonda comweco. Employment Code Act ya 2019 ipatsa mai masabata 14 a tchuthi ca ubereki, koma malipiro athunthu ni a amene wakwanitsa miyezi 24 kwa abwana amodzi. Ndi angati a ife ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Mtendere amene aona miyezi 24 pa nchito imodzi, ndi makontrakiti afupiafupi a masiku ano?

NHIMA yeve njira anaionetsa. Wanchito adulidwa 1 peresenti, abwana aikapo 1 peresenti, ubereki ulimo, ndipo umembala utsata munthu kulikonse kumene wapita. Koma uko nako kuli msampha: kudula pa payslip ni kwina, kutumiza ndalama ku NHIMA ni kwina. Funsani lero ngati abwana atsopano atumiza, osati tsiku limene zowawa zayamba muli pa geti ya cipatala.

A Pensions and Insurance Authority ndiwo ayang'anira makampani a inshuwalansi. Tifuna aike lamulo lomveka: miyezi imene mai analipira ku inshuwalansi yakale iwerengedwe ku yatsopano. Ndipo asanasaine kontrakiti, auzidwe pakamwa, m'cinenero cimene amva, tsiku limene thandizo la ubereki liyamba.