Kodi Diso la pa Chalichi Cathu Ndi la Yani?

Acinyamata anzanga, ndiyambe ndi kuulula manyazi athu. Caka catha, usiku wa pa Citatu, akawalala anathyola citseko ca kumbuyo kwa chalichi cathu natenga kiibodi, ampulifaya ndi maikolofoni awiri. Zinthu zimenezi tinazigula ndi thukuta. Anyamata tinatsuka magalimoto, alongo athu anakazinga vitumbuwa kwa miyezi 8. Komabe m'mawa mwake sitinade nkhawa kwambiri, pakuti tinali ndi makamera atatu. Tinauzana kuti, "Awa ndiye tawagwira."

Tamvani zimene tinapeza. Kamera yoyamba inali italeka kujambula kalekale, cifukwa kakhadi kake kosungira zithunzi kanafa ndipo panalibe anadziwa. Yaciwiri inajambula ndithu, koma cimene cinaoneka ndi cimthunzi coyera ngati mzukwa cikudutsa pabwalo. Yacitatu inali kutumiza zithunzi ku foni ya mbale wina amene anasamukira ku migodi, ndipo pasiwedi anaiiwala. Wapolisi anaonerera mzukwa wathu uja kawiri, napukusa mutu. Kufikira lero kwaya yathu iyimba ndi ng'oma ndi manja.

Tsopano ndimva kuti m'mipingo yambiri nkhani yakula ndi ya makamera. Ine sindikana makamera. Nehemiya pomanganso linga la Yerusalemu anapemphera, naikanso alonda usana ndi usiku. Cimene ndikana ndi kagulidwe kathu: kutuma munthu mmodzi ku tauni ndi ndalama za copereka, kuti akabwere ndi bokosi lochipa lolembedwa manambala akuluakulu, ife nkuomba m'manja. Kamera ndi diso. Musanaike diso pa nyumba ya Mulungu, dziwani cimene liona, kumene lisunga zimene laona, ndiponso amene ayang'anira m'menemo. Ngati simudziwa zitatu izi, diso limenelo si lanu.

Wina adzati, "Bola cilipo, kawalala akaciona aopa." Iai, m'bale wanga. Akawalala a masiku ano ndi a msinkhu wathu, ali ndi mafoni monga ife, ndipo adziwa kusiyanitsa kamera yeniyeni ndi coopsezera mbalame ca m'munda wa mapira. Coipa cina ncakuti kamera yosagwira nchito igonetsa anthu tulo. Ife titaika makamera athu tinaleka kusamala za loko wa kumbuyo uja.

Kodi diso liona ciani?

Wogulitsa adzakuuzani za "megapixel", ndipo adzafuna kuti mukhulupirire kuti nambala ikakula ndiye kuti zonse zili bwino. Tengani pensulo muwerenge nokha. Cithunzi ca kamera cipangidwa ndi timadontho. Kamera ya 2 megapixel ili ndi timadontho 1,920 kucokera kumanzere kufika kumanja. Akatswiri a nchito imeneyi awerenga kuti, pofuna kuzindikira nkhope ya munthu wacilendo mosakaika, pafunika timadontho 250 pa mita iliyonse. Gawani 1,920 ndi 250. Mupeza kuti kamera imeneyo izindikiritsa nkhope pa malo osakwana mamita 8 m'lifupi.

Nanga ife tinacita ciani? Tinaipacika pamwamba pa denga kuti ione bwalo lonse la mamita 30. Pamenepo mita iliyonse inalandira timadontho 64 cabe, ndipo nkhope ya munthu inatsala ndi timadontho ngati 10. Ngakhale mai wake womubala sakanamudziwa. Ndiponso kamera ya pamwamba kwambiri iona cisoti, osati nkhope. Nzeru yake ndi kuika kamera pamene munthu sangalephere kupitapo, monga pa geti ndi pa citseko, motsikirako, iyang'ane malo ocepa.

Kumbukiraninso kuti kawalala sabwera masana. Mumdima kamera yosalimba icedwa kutola kuwala, motero munthu woyenda aoneka ngati utsi. Ndiye mzukwa wathu uja. Musalipire kamera imene mwaiona m'sitolo mowala malaiti. Iyeseni usiku pamalo pake, wina ayende mofulumira patsogolo pake, ndipo muone ngati mumudziwa.

Kodi zithunzi zigona kuti?

Makamera ambiri ochipa atumiza zithunzi pa intaneti ku makompyuta a kampani ya kutsidya kwa nyanja, inu nkumaonerera pa foni. Zioneka zokoma tsiku loyamba. Koma werenganinso. Kamera imodzi yotumiza 4 megabit pa sekondi idzaza 43 GB pa tsiku. Makamera anai adzaza 173 GB. Kodi ndi mpingo uti m'komboni mwathu umene ungagule mabandulo otere tsiku ndi tsiku? Ncifukwa cake makamera otere asunga tizidutswa tatifupi cabe, ndipo makampani ambiri afuna malipiro mwezi ndi mwezi. Mukaleka kulipira, kapena kampani ikatseka, mutsala ndi cidole pa khoma.

Zithunzi za mpingo zigone pa mpingo. Pali kabokosi kochedwa NVR kamene kalandira zithunzi za makamera onse ndi kuzisunga pa disiki. Funsani kukula kwa disikiyo. Pa muyeso uja wa makamera anai, disiki ya 2 TB idzala masiku 12 asanakwane, ndipo zatsopano ziyamba kufafaniza zakale. Kuti musunge masiku 30 pafunika yoposa 5 TB, pokhapokha makamera anu ali ndi njira yopanikiza zithunzi ya H.265, imene icepetsa malo kwambiri. Gulani disiki yopangidwira kulemba usana ndi usiku, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk. Ndipo kabokosiko musakaike pa thebulo pafupi ndi kiibodi, kuti kawalala anyamule zonse pamodzi ndi umboni womwe. Kabiseni, mukakhomere.

Nanga malaiti? Tonse tikumbukira 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo tinali kukhala maola 17 pa tsiku popanda magetsi. Kawalala akonda mdima umenewo. Makamera ambiri a Wi-Fi afuna soketi iliyonse payokha, ndipo malaiti akapita afa. Sankhani makamera a waya a mtundu wa PoE, amene waya umodzi wokha upereka magetsi ndi kunyamula zithunzi kufika mamita 100. Pamenepo magetsi onse acokera malo amodzi, ndipo batire limodzi ndi sola yocepa zingasunge maso onse ali otseguka. Mpingo umene uli ndi ndalama za makamera asanu ndi limodzi koma ulibe za batire, ugule makamera atatu ndi batire.

Musakwatire kampani imodzi

Pali mau amodzi amene ndifuna muwaloweze pamtima: ONVIF. Ili ndi pangano limene makampani a Axis, Bosch ndi Sony anayambitsa mu 2008, kuti kamera ya kampani ina izitha kulankhulana ndi cojambulira ca kampani ina. Kamera yotsata pangano limeneli mungailumikize ku NVR kapena ku programu imene mwasankha inu. Kamera yosalitsata kawirikawiri imvera programu ya mwini wake yekha, ndipo tsiku limene mwini wakeyo adzasintha maganizo, inu mulibe kolowera.

Mapurogramu ojambulira alipo ambiri. ZoneMinder ndi yaulere ndipo iyenda pa kompyuta ya Linux. Frigate nayonso ndi yaulere, ndipo itha kusiyanitsa munthu ndi galu kapena nthambi yogwedezeka ndi mphepo. Blue Iris ndi yogula, ya pa Windows. Anzanga amene tinaphunzirako za makompyuta, apa ndilankhule nanu mosabisa. Tikonda kusankha cinthu covuta kuti tioneke anzeru. Koma caka ca mawa mudzapeza nchito ku Solwezi, ndipo mudzasiya akulu a mpingo ndi kompyuta imene palibe adziwa ngakhale poyatsira. Ngati mumpingo mulibe anthu awiri kapena atatu otha kuisamala, gulani NVR wamba, muphunzitse ena, ndipo mulembe zonse m'buku.

Ndani winanso ayang'ana?

Apa ndipo pali nkhani imene wogulitsa sadzakuuzani. Kamera ya pa intaneti ndi kakompyuta, ndipo khomo limene inu muonerapo pa foni, wina angalowerepo.

Mu 2014 kunamveka za malo ena a pa intaneti ochedwa Insecam, amene anali kuonetsa poyera makamera pafupifupi 73,000 a m'maiko osiyanasiyana: m'masitolo, m'maofesi, ngakhale m'zipinda zogona ana. Sanathyole kanthu. Eni ake sanasinthe pasiwedi imene kamera inabwera nayo ku fakitale. Mu October 2016, programu yoipa yochedwa Mirai, imene inali kuyesa mapasiwedi wamba ngati 60 cabe, inagwira makamera ndi zojambulira zikwizikwi, ndipo zinagwiritsidwa nchito kutsekereza Twitter, Netflix ndi malo ena akuluakulu kwa maola angapo. Mu March 2021 anthu ena analowa m'makamera 150,000 a kampani ya Verkada ya ku America, naona m'zipatala, m'ndende ndi m'masukulu. Caka comweco panapezeka cibowo cacikulu m'makamera ambiri a Hikvision, ndipo kampaniyo inatulutsa programu yokonza. Koma kamera ikonzeka pokhapo ngati mwini wake waikamo programuyo.

Kodi mwaona? Ngakhale maina akuluakulu agwa. Nanga kamera yopanda dzina, imene simudziwa ngakhale amene anaipanga, adzaikonza ndani? Safunsa anadya phula. Sinthani pasiwedi tsiku loyamba, ikhale yaitali. Funsani ngati kampaniyo itulutsa mapurogramu okonza zolakwa. Makamera alankhule ndi NVR cabe, osati ndi dziko lonse. Ndipo woika makamera akatsiriza nchito, alipidwe, ayamikidwe, pasiwedi isinthidwenso iye atapita.

Diso lathu lomwe

Tsopano ndifike pa cimene cindiwawa koposa. Mdani wamkulu sali ku China kapena ku America. Angakhale pa benchi limodzi ndi ife.

Mu 2023 boma la America linaimba mlandu kampani ya makamera ya Ring, imene inavomera kulipira madola 5.8 miliyoni. Cimodzi ca zinenezo cinali cakuti mu 2017 wanchito wake wina anali kuonerera zithunzi zikwi zambiri za akazi ali m'zipinda zogona ndi zosambira. Sanali kawalala wa kunja. Anali munthu wopatsidwa makiyi. Mfumu Davide inacimwa itaima pa tsindwi, pamene inaona cimene sinayenere kuona, ndipo inali ndi mphamvu zocita monga ifunira. Kodi ife ndife olimba kuposa Davide, kuti tipatse mnyamata mmodzi diso loona mpingo wonse pa foni yake usiku?

Chalichi ndi malo amene anthu alirako. Mtsikana amene watenga pathupi abwera madzulo kwa amai abusa mobisika. Bambo amene wayezetsa magazi afuna wopemphera naye. Tsiku limene kacithunzi kamodzi ka anthu otere kadzayenda pa WhatsApp, sadzabweranso, ndipo tidzakhala titasunga kiibodi ndi kutaya nkhosa. Motero ndinena mosaopa: m'cipinda ca uphungu musalowe kamera. Movalira a kwaya ndi obatizidwa, iai. Ku zimbudzi, kutalitali. Maikolofoni a m'makamera azimitsidwe. Kamera ilonde zitseko ndi katundu, isalonde miyoyo ya anthu, kapena kuwerenga amene acedwa ku mapemphero ndi amene ayenda ndi yani.

Si nkhani ya cikumbumtima cokha. Mu 2021 dziko lathu linaika lamulo loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act, ndipo linachula cipembedzo ca munthu pakati pa zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera. Cithunzi ca munthu akulowa m'chalichi cinena za cipembedzo cake. Conco pa geti pakhale cikwangwani couza anthu kuti pali makamera. Pasiwedi isungidwe ndi akulu awiri osankhidwa ndi mpingo, mmodzi wa iwo akhale mai. Zithunzi zitsegulidwe pokhapo pacitika mlandu, anthu awiri ali pomwepo, ndipo zilembedwe m'buku. Masiku amene munagwirizana akatha, zifafanizidwe.

Kwa inu makolo athu, akulu a mpingo, ngati magazini ino yafika m'manja mwanu, sitikupeputsani. Ndalama musunga ndinu, ndipo mucita bwino kufunsa mtengo. Tingopempha kuti mutilole kukhala nao pogula, pakuti cochipa cija ife tacilipira kale kawiri.

Ndipo inu acinyamata anzanga, pa msonkhano ulinkudza musakhale cete kumbuyo ndi kung'ung'udza potuluka. Imikani dzanja mwaulemu mufunse: Kodi usiku kamera imeneyi idzaonetsa nkhope? Malaiti akapita idzajambula maola angati? Zithunzi zidzagona kuti, kwa masiku angati? Kodi itsata ONVIF? Pasiwedi adzasunga ndani, ndipo ndi zipinda ziti zimene sidzaloledwa kuona? Wogulitsa akalephera kuyankha, bwezani ndalama m'thumba la mpingo, mugule loko wolimba ndi kulipira mlonda.

Ife kwathu tayambanso kukazinga vitumbuwa. Makamera atatu aja tinawatsitsa, ali m'katoni pansi pa kabati, ndipo aliyense wofuna kugula mofulumira timayamba tamuonetsa mzukwa wathu.