Pulagi ikamafa pafupipafupi, funsani injini

M'magalaja a pa Uliwa ndi a pa Jeti ku Chilumba, monganso kulikonse kumene galimoto zakale zikugwirabe ntchito, dandaulo limodzi silitha pakamwa: mapulagi a masiku ano ndi achabechabe. Mwini Nissan 1400, Peugeot 504, Land Rover ya petulo kapena Hilux ya kabureta amagula anayi atsopano, injini n'kulira bwino masabata angapo, kenako n'kuyambanso kumisa, kuvuta kulira m'mawa ndi kumwa petulo wambiri. Amabwerera kusitolo, amagula ena, akale aja n'kuwaponya kudzala. Maganizo anga ndi akuti ndalama zimenezi zikungotayika. Pulagi imene ikufa mobwerezabwereza nthawi zambiri imakhala mboni chabe, yomwe yaona zonse zochitika m'kati mwa silinda, ndipo amene amathamangitsa mboni pabwalo asanaimve sangaudziwe mutu wa mlandu.

Kachipangizo aka kalibe mbali yoyenda. Koyilo imatenga mavoti 12 a batire n'kuwakweza kupitirira 10,000, ndipo magetsiwo amadumpha kampata kosakwana milimita imodzi kunsonga kwa pulagi n'kuyatsa petulo wosakanizika ndi mpweya. Kuti nsongayo ikhale yoyera iyenera kutentha kupitirira madigiri pafupifupi 450, pamene mwaye umapsa wokha, koma ikapyola madigiri 800 imayamba kuyatsa petulo nthawi isanakwane. Pakati pa malire awiriwa pulagi wamba imayenda makilomita 20,000 kapena kuposerapo popanda vuto. Tikumbukirenso kuti kuyambira 2006 petulo wa m'dera lathu lino la Africa alibe mtovu umene kale unkakutira nsonga za mapulagi, choncho masiku ano mapulagi amayenera kukhalitsa kuposa m'zaka za m'ma 1970. Ngati pulagi yanu ikutha mwezi usanathe, pali chinachake chimene chikuichotsa m'malire aja, ndipo chimenecho chidzapha inanso iliyonse imene mungamange.

Ubwino wake ndi wakuti vutolo limadzionetsa pa nsonga pomwepo. Pulagi ya injini yabwinobwino imakhala youma, yotuwa kapena yofiirira pang'ono. Ikatuluka yakuda ndi mwaye wouma umene umachoka ndi chala, petulo wachuluka kuposa mpweya: choki yakanirira, fuloti ya m'kabureta ikusefukira, kapena fyuluta ya mpweya yatsekeka. Moto wofooka umadetsanso chimodzimodzi, ndiye mapointi, kondensa, koyilo ndi mawaya ziyenera kuonedwa. Ikatuluka yakuda koma yonyowa ndi oyilo, maringi a pisitoni kapena masili a mavalavu atha, ndipo utsi wabuluu kupaipi umavomereza. Ikatuluka yoyera mbee, yamatuza kapena yosungunuka, injini ikutentha kwambiri: mpweya ukulowera pena pa gasiketi, taimingi yatsogola, kapena madzi sakuyenda bwino mu radiyeta. Chofunikanso ndi kusunga mapulagi pa mzere wake powamasula. Onse anayi akafanana, vuto lili pa chinthu chimene masilinda onse amagawana, monga kabureta kapena koyilo. Imodzi yokha ikamafa pamalo omwewo, vuto lili pa silinda imeneyo, waya wake kapena chivundikiro cha distributor. Makanika amene amawunjika mapulagi pamodzi m'chibekete wadzichotsera yekha theka la yankho.

Kagwiridwe ntchito ka galimoto ku Chilumba kamakankhira pulagi kumalire onse awiri. Pikapu imene imangoyenda pakati pa Uliwa ndi Jeti, kapena kuima nthawi yaitali injini ikulira podikira okwera tsiku lofika sitima ya Ilala, siifikitsa nsonga pa kutentha kopsereza mwaye. Misewu yafumbi yopita ku minda ya mpunga ya Hara ndi Wovwe imatseka fyuluta m'chilimwe, petulo n'kuchuluka. Koma galimoto yomweyo ikasenza matumba a mpunga kapena usipa n'kuyamba kukwera Chiweta polowera ku Mzuzu, kapena makona a msewu wa Gorodi kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia, injini imakoka molemera kwa nthawi yaitali, ndipo kulakwika kochepa kwa taimingi kumakwanira kuwotcha pulagi. Apa m'pamene nambala yolembedwa pa pulagi imafunikira. Mapulagi amasiyana pa mmene amatayira kutentha, ndipo makampani samawerenga mofanana: kwa NGK nambala yaikulu ndi pulagi yozizira, pamene kwa Bosch ndi Champion nambala yaikulu ndi yotentha. Kukwana kwa mazinga pa bowo sikutanthauza kuti pulagiyo ndi ya injini imeneyo. Asodzi a maboti a injini amaidziwa bwino nkhaniyi: oyilo akachuluka m'petulo kuposa muyezo wa kampani, pulagi imada usiku umodzi ngakhale itakhala yatsopano.

Wina anganene kuti ndikuteteza amalonda, pakuti mapulagi achinyengo adzaza msika. Alipodi, ndipo makampani enieniwo amachenjeza ogula za katundu wolembedwa dzina lawo mwakuba. Pulagi yotere imatha kung'aluka dongo lake loyera kapena kudyeka nsonga mofulumira. Komabe pulagi yachinyengo siingatulutse oyilo m'silinda, ndipo siingachulukitse petulo m'kabureta. Kuyesa kwake n'kosavuta. Sinthanitsani pulagi yovutayo ndi ya silinda ina. Kumisa kukaitsatira kumalo atsopanowo, pulagiyo ndi yoipa ndipo wogulitsa afunsidwe. Kukatsalira pa silinda yakale, mlandu si wa wogulitsa.

Ena amaloza petulo, ndipo nawonso ali ndi mfundo. Malawi wakhala akusakaniza petulo ndi ethanol kuyambira 1982 pamene fakitale ya Ethco inatsegulidwa ku Dwangwa, ndipo ethanol amayamwa chinyezi komanso amafewetsa mapaipi ndi timalabala takale ta m'kabureta. Choopsa kwambiri ndi petulo wa m'zigubu amene anthu amakakamizika kugula mafuta akasowa, monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012 komanso m'zaka zaposachedwazi, chifukwa ena amathiramo parafini ndipo zigubuzo zimakhala ndi madzi ndi zinyalala. Petulo wotere amadetsa mapulagi ndithu. Koma tikalondola mfundoyi mpaka kumapeto, ikugwirizana ndi zimene ndikunena: vuto lili m'thanki, choncho mankhwala ake ndi kutsanula thanki, kusintha fyuluta ya petulo ndi kutsuka kabureta. Mapulagi atsopano pa thanki yauve adzafa ngati anzawo aja.

Chotsutsa chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha ndalama. Munthu amene banja lake limadya kuchokera pa pikapu yakale amadziwa kuti mapulagi anayi ndi otsika mtengo kusiyana ndi ovaholo, ndipo kuimika galimoto sabata yathunthu podikira maringi ochokera ku Mzuzu kapena kutsidya kwa Songwe ndi njala pakhomo. Sindingamudzudzule. Komabe zambiri mwa zimene zimapha mapulagi sizifuna ovaholo: kuyeretsa fyuluta, kumasula choki, kukonza mpata wa mapointi ndi kubweza taimingi ndi ntchito za ola limodzi kapena awiri. Ndiponso kuzengereza kuli ndi mtengo wake umene suoneka tsiku lomwelo. Petulo wosapsa amatsuka oyilo m'makoma a silinda n'kutsikira m'sampu, maringi ndi mabering'i n'kumadyeka msanga. Pulagi yotentha mopyola imatha kuboola pisitoni, ndipo zotere zimakonda kuchitika pa chitunda galimoto italemedwa, kutali ndi galaja. Kumene maringi athadi ndipo ndalama palibe, pulagi yotentherako pang'ono ingakuyendetseni miyezi ingapo, bola mudziwe kuti mukugula nthawi yosonkhera ndalama za ovaholo.

Galimoto zakalezi zili ndi mwayi umene za kompyuta zobwera kudzera ku Dar es Salaam zilibe: zimakonzeka ndi sipanala, kachitsulo koyezera mpata ndi geji ya kompulesheni. Pempho langa kwa amakanika ndi lakuti asamange pulagi yatsopano asanaonetse mwini galimoto yakaleyo n'kumufotokozera chimene yawauza, ndipo anyamata amene akuphunzira ntchito m'magalaja aphunzitsidwe luso limeneli msanga. Eni galimoto nawonso azilipira nthawi imene makanika wathera pofufuza vuto, m'malo mongolipira chitsulo chimene wasintha, pakuti makanika amene amapeza ndalama pokhapokha akamanga chatsopano sadzakhala ndi chifukwa chofufuzira.