Kaputeni wa Sitima, Munthu Amene Apaulendo Samuona

M'mapulazi a ku Glendale, m'cigwa ca Mazowe, mukali anthu ambiri amene makolo ao anacokera ku Nyasaland kudzagwira nchito ya cimanga, thonje ndi malalanje. Ena mwa makolowo anali a ku Nkhata Bay, ku Likoma ndi ku Karonga, ndipo kwa iwo ulendo wobwerera kwao sunali kuthera pa njanji. Munthu ankakwera sitima ya pamtunda kupyola Salisbury ndi Umtali, naoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene unatsegulidwa m'caka ca 1935, kufikira ku Chipoka. Pamenepo ankasenza bokosi lace, njinga ndi makina osokera, phindu la thukuta la zaka zitatu kapena zinai, nalowa nazo m'sitima ya pamadzi. Kuyambira nthawi imeneyo moyo wace ndi cuma cace conse zinali m'manja mwa munthu mmodzi amene iye sanamuonepo nkhope.

Masiku ano pa nyanja ya mcere pali sitima zazikulu zimene nchito yace ndi kuyendetsa anthu acuma okasangalala cabe. Okwera sitima zimenezi amatsutsana ngati kaputeni ali wofunika kwa iwo. Ena amati kaputeni wabwino ndiye amene amatuluka kudzapereka moni, kujambulitsa ndi alendo ndi kudya nao pa gome limodzi. Ena amati alibe naye kanthu, malinga cakudya cikome ndi cipinda cisesedwe. Onsewo akuyesa munthuyo ndi muyeso wolakwika, ndipo nyanja ya ku Malawi inaonetsa cimeneci kalekale.

Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya, imene inali yatsopano ndithu, inali pa ulendo wace wacinai. Inacoka ku Mbamba Bay kuoloka nyanja kulinga ku Florence Bay, kumene lero kumachedwa Chitimba. Inali nyengo ya mwera, mphepo imene msodzi ali yense wa m'mbali mwa nyanja amaiopa. Sitimayo inagubuduzika ndi mafunde nimira pafupi ndi kumene inali kupita, ndipo anthu 145 anafa, pamodzi ndi kaputeni wace Farquharson. Kuyambira pamenepo anthu akhala akugawikana: ena amaimba mlandu mamangidwe a sitimayo kuti inali yolemera kumwamba, ena amaimba mlandu kaputeni. Koma ngakhale mau oyambawo akhale oona, funso silicoka. Sitima ikakhala yosalimba pa mafunde, ndani amene ayenera kudziwa ndi kunena kuti lero tigona padooko? Wapaulendo wa kalasi yacitatu, wokhala pansi pakati pa matumba a ufa ndi ana olira, sangathe kuona ngakhale mtambo. Iye ndiye samuona kaputeni konse, koma ndiyenso amene amadalira kaputeni koposa onse, pakuti madzi akalowa amayambira kwa iye.

Kwa Azungu nakonso cinthu cotere cinacitika. Pa 13 January 2012 sitima ya acuma ya Costa Concordia, yonyamula anthu oposa 4,000, inagunda mwala pafupi ndi cilumba ca Giglio ku Italy. Panalibe namondwe. Kaputeni Francesco Schettino anaiyandikiza dala ku cilumbaco, ndipo itabooka anacedwa kulamula kuti anthu atsike. Pambuyo pace iye anacoka m'sitimamo anthu akali momwemo, kotero kuti mkulu wina wa olondera gombe anacita kumkalipira pa lamya kuti abwerere. Anthu 32 anafa, ndipo m'caka ca 2015 bwalo la milandu linamlamula kukhala m'ndende zaka 16. Moni ndi cisoti coyera sizinathandize munthu usiku umenewo.

Pali nkhani imodzi imene otsutsa amaichula, ndipo nkoyenera kuimva. Mu August 1991 sitima ya Oceanos, pocoka ku East London kunka ku Durban, inayamba kumwa madzi pa namondwe. Kaputeni Yiannis Avranas anakwera ndege ya helikopita anthu ambiri akali m'sitima. Amene anatsala kukonza mizere ndi kutonthoza anthu anali oyimba ndi osangalatsa alendo, ndipo anthu onse 571 anapulumuka. Otsutsa amati: taonani, anthu anapulumuka popanda kaputeni. Nzoona. Koma sitimayo inacedwa kumira, gombe linali pafupi, ndipo ndege za asilikali a South Africa zinafika. Pa Usisya kapena pa Ruarwe usiku, munthu sangawerengere mwai wotere.

Vipya itamira, m'malo mwace munadza Ilala, imene inamangidwa ku Glasgow, nilumikizidwa ku Monkey Bay, niyamba kuyenda m'caka ca 1951. Yakhala ikuyenda pa nyanja zaka zoposa 70, kucokera ku Monkey Bay kufikira ku Chilumba, kudzera ku Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay. M'malo ambiri mulibe dooko, ndipo anthu amatsikira m'maboti ang'ono pamodzi ndi katundu wao. Mbiri ya sitimayi anthu amaidziwa, koma maina a akaputeni amene anaiyendetsa zaka zonsezi ndi ocepa angawachule. Comwe apaulendo amakumbukira ndico kucedwa: tsiku lija sitima inagona pa Nkhata Bay kudikira kuti mwera uleke, kapena lija munthu anakanizidwa kukweza matumba ena a usipa. Pa masiku otere kaputeni amatukwanidwa ndi anthu omwewo amene iye akuwasunga.

Cotero bvuto lenileni lili kwa eni sitima. Wapaulendo amasankha tsiku ndi kalasi, koma kaputeni sasankha. Amampeza alipo kale. Eni ace ndiwo amamlemba nchito, ndipo ndiwonso amawerenga ndalama zotayika sitima ikagona padooko. Ngati kaputeni akudziwa kuti kukana kunyamuka kudzamdetsera mbiri kwa mabwana ace, tsiku lina adzanyamuka pa mphepo imene mtima wace ukuikana. Boma limene limapereka ziphaso za sitima liyenera kuonetsetsa kuti mau a kaputeni pa za mphepo ndi kulemera kwa katundu akhale omariza, ndi kuti munthu asacotsedwe nchito cifukwa anaima.

Adzukulu a anthu aja a ku Glendale lero amapita kwao pa basi, kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete. Koma wa ku Likoma kapena ku Chizumulu, basi ikamtula ku Nkhata Bay, amaimabe pa mcenga ndi katundu wace, kudikira sitima monga anacitira agogo ace.