Chingaphe wayilesi ya m'dera si Facebook ayi

Anzanga ambiri amati wayilesi ndi ya agogo, nkhani zonse zili pa WhatsApp ndi Facebook. Chabwino. Koma bandulo ikatha pakati pa mwezi, mumamvera kuti? FM ya pa kafoni ka mabatani kaja siifuna data.

Ndikunena za mawayilesi ang'onoang'ono ngati Ndirande FM. MBC ili pompano pa Chichiri, koma imalankhula ndi dziko lonse, kuyambira Nsanje mpaka Chitipa. Sizingatheke kuti ithere ola lathunthu pa mpope umene wauma ku Makata kapena zinyalala zimene zaunjikana pamsika. Wayilesi ya m'dera imatha kutero, ndipo khansala akanama pa pulogalamu, woimba foni wotsatira ndi munthu amene amadziwa pakhomo pake. Mu March 2023 namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, magetsi atazima, nkhani imene munthu ankafuna inali ya msewu wa kwawo ndi sukulu imene anthu athawirako, osati ya ku Capital Hill.

Vuto ndi ndalama basi. Mu 2022 MACRA inalanda ziphaso za nyumba zoulutsira mawu zingapo chifukwa chosalipira ndalama za chiphaso, zomwe zinkawerengedwa m'madola. Chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenako 44 peresenti mu November 2023. Ngati mawayilesi odziwika anagwada, nanga kawayilesi kodalira mauthenga a maliro, a ukwati ndi malonda a ma shopu a m'makwalalamu? Onjezerani mafuta a jenereta magetsi akathima, komanso achinyamata owulutsa mawu omwe ambiri amangodzipereka.

Apa m'pamene ndimachitira mantha. Wayilesi yanjala siitseka msanga, imayamba yagulidwa kaye. Wandale amabwera ndi envulopu, kugula ola lonse, mafunso n'kukhala oti iyeyo wavomereza. Dzina lidzakhalabe la dera, mawu ake a bwana.

Dzimwe ya ku Mangochi inayamba m'ma 1990 mothandizidwa ndi UNESCO, koma mabungwe akunja sangamathandize township iliyonse. Kwa ine, khonsolo ya Blantyre ndi Water Board azilipira zilengezo zawo pa mawayilesi otere, ndipo MACRA isamayeze wayilesi ya ku Ndirande ndi sikelo yofanana ndi ya kampani. Inunso ogulitsa kaunjika pa status, mwafunsapo mtengo wa chilengezo cha mphindi imodzi?