Alipire Ndani Kuti Mitsinje Isadzale Matope?

Anzanga ndi inu aphunzitsi athu, tonsefe timadandaula magetsi akazima nthawi yowerenga madzulo, koma ndi owerengeka amene amafunsa kumene bvutoli limayambira. Magetsi athu ambiri amacokera mu mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo madzi ambiri a mzinda wa Blantyre amapopedwa mu mtsinje womwewo pa Walker's Ferry. Tsono anthu akadula mitengo ndi kulima m'mphepete mwa mitsinje yothira mu Shire, monga Rivirivi, mvula imakokolola dothi, matope nakaunjikana pa makina aja.

Ena amati angowaletsa basi. Koma munthu amene dimba lace ndilo limdyetsa m'cirimwe sangalisiye cifukwa ca nyale ya m'tauni imene iye saiona. Maganizo anga ndi akuti ogwiritsa nchito madzi ndi magetsi awalipire osunga mitsinje, pakuti kupatsa nkuika.

Amenewa si maloto ai. M'caka ca 1997 mzinda wa New York ku America unapangana ndi anthu a ku mapiri a Catskill, kumene kumacokera madzi ace ambiri. M'malo momanga nyumba yosefera madzi ya madola ngati 6 biliyoni, mzindawo unagula malo ena, nuthandiza alimi kuti ndowe za ng'ombe zisalowe m'mitsinje. Ndarama zimene unaononga zinali zocepa ndithu poyerekeza ndi za nyumba ija.

Komabe pali misampha iwiri. Caka comweco dziko la Costa Rica linayamba kulipira eni nkhalango ndi ndarama za msonkho wa mafuta a galimoto. Pa zaka zoyamba opindula kwambiri anali eni malo akuru okhala ndi zikalata za umwini, osauka ambiri natsalira. Nzoona kuti kulemba munthu mmodzi wa munda waukuru nkwapafupi kuposa kulemba anthu zana a timinda tating'ono, koma kodi cimeneco ndi cilungamo? Msampha waciwiri ndiwo kulipira wodula yekha kuti aleke, nkuiwala agogo amene anasunga mitengo yao ciyambire. Tikatero tidzaphunzitsa anthu kuti nkhwangwa ndiyo imaitana ndarama.

Popeza ndarama sizingakwanire dziko lonse, ndinena kuti ziyambe pa malo otsetsereka ndi m'magombe, pamene dothi limathawa msanga. Ziperekedwe kwa mudzi wonse, ziwerengedwe poyera pabwalo la amfumu, ndipo alandire onse: woleka kudula, wosunga kale, ngakhale wopanda cikalata. Njira imeneyi idzadya ndarama zambiriko, ndipo mwina mtengo wa madzi ndi magetsi udzakwera pang'ono. Walira mvula walira matope. Enafe tidzakhala m'maofesi a Boma tikatsiriza sukulu. Tsiku limenelo tisadzaiwale amai a dimba aja.