Chikalata cha Malo Sichinena Zonse

Munthu akafuna kugula malo, kaya ndi puloti m'tauni kaya munda kumudzi, anzake amamulangiza kuti ayambe waona chikalata chake. Malangizowo ngabwino, pakuti safunsa adadya phula. Ku ofesi ya za malo kuli mabuku osonyeza amene adagula, amene adagulitsa ndi amene adapinyolitsa malowo kubanki. Komatu chikalata chili ndi tsiku limene chidalembedwa, pamene anthu adayamba kulima nthakayo kalekale. Wofufuza mbiri ya malo akalekezera papepala amabwerako ndi theka la nkhani, ndipo kawirikawiri thekalo limakhala la amene adali ndi mphamvu.

Chitsanzo chili ku Magomero, m'boma la Chiradzulu. Cha m'ma 1892 Harry Johnston, woimira boma la Britain m'dziko muno, adayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificate of Claim kwa Azungu amene ankati adagula malo kwa mafumu, ambiri mwa iwo posinthanitsa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Malo a Magomero, maekala opitirira 160,000, adagwera m'manja mwa banja la Alexander Low Bruce, mkamwini wa David Livingstone. Wowerenga chikalata chokha angayese kuti mbiri ya malowo idayambira pamenepo. Chikhalirecho Bishopu Mackenzie pofika kumeneko m'chaka cha 1861 adapeza Amang'anja ali kale pamudzi pawo ndi mfumu yawo Chigunda.

Zikalata zambiri za Johnston zidali ndi mawu oletsa kusuntha midzi ndi minda imene idalipo kale popanda chilolezo cha boma. Mawu okoma ndithu! Koma kawirikawiri sizidalongosole kuti anthuwo ndi ayani ndi kuti minda yawo ikulekezera pati. Tsono Alomwe atayamba kufika kuchokera ku Mozambique, eni maesiteti adawalandira ngati alendo oyenera kulipira malo ndi ntchito, ndipo posakhalitsa mlendo ndi mbadwa adasenzetsedwa goli limodzi la thangata. M'chaka cha 1903 woweruza Nunan adagamula kuti mbadwa zisamalipitsidwe, koma ndani akadatsimikiza kuti ndi mbadwa pamene dzina lake silidalembedwe paliponse? Mkwiyo umene udaunjikana pamenepo ndi umene udaphetsa William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya Magomero, usiku wa pa 23 Januwale 1915 pa kuukira kwa John Chilembwe. Pambuyo pa lipoti la Sidney Abrahams la 1946, boma lidagula gawo lalikulu la malowo ndi kukhazikapo anthu.

Landeg White polemba buku lake la mbiri ya Magomero, lotuluka m'chaka cha 1987, adasanthula mapepala akale, komanso adakhala pansi ndi nkhalamba za m'midzi. Njira yake ndiyo yoyenera aliyense, ngakhale wofufuza kamunda ka maekala awiri. Apite ku ofesi ya za malo, ndiponso ku National Archives ku Zomba ngati malowo adali esiteti. Kenaka afunse Amfumu ndi anthu oyandikana nawo malire. Aone kumene kuli manda, afunse kuti agona m'menemo ndi a fuko liti. Mitengo ya mango yokalamba yoima pamodzi pakati pa tchire kawirikawiri imasonyeza bwinja.

Nkhaniyi yakula mphamvu chifukwa lamulo la malo a mafumu la 2016 lidatsegula njira yoti mabanja alembetse minda yawo. Kumadera a chikamwini munda umatsata mbumba, kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, pamene wodziwa kulemba ndi kuyenda m'maofesi nthawi zambiri amakhala mkamwini kapena mwana wamwamuna wa kutauni. Dzina lolakwika likalowa m'kaundula, kulichotsa kumafuna mlandu, ndipo zidzukulu za mwini weniweni zidzasowa pogwira monga adasowera Amang'anja aja.

Apa mpamene aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu angathandize. Mwana wa Folomu 4 angathe kutenga kope, nakhala ndi agogo ake masana amodzi, nalemba amene adaswa mphanje pamundapo, amene adalowa m'malo mwake, amene adangobwereka ndi chaka chimene adabweza. Alembenso maina a mboni ndi tsiku, kenaka awerengere Amfumu ndi akuluakulu a mbumba kuti akonze pamene palakwika agogowo adakali moyo.