Motoka ya 2015, maphunziro a 1985

Imirirani mphindi khumi chabe pa Jambo Drive kuno ku Riverside, muwerenge mamotoka amene apita: Vitz, Allion, Honda Fit, Mark X, Aqua. Ambiri ni ochokera ku Japan, anatsika pa sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde. Pa mamotoka amenewa palibe ngakhale imodzi imene ili na kabureta. Iliyonse ili na kompyuta yake imene ipima mpweya, iyeza mafuta na kulamulira moto wa mapulagi. Manje lowani m'wekishopu ya makoleji ambiri ang'onoang'ono ophunzitsa umakanika. Mudzapeza injini yakale ili pa sitandi, imene yamasulidwa na kumangidwa na ana a sukulu chaka na chaka mpaka mabawuti ake anatha mano. Apo m'pamene mwana amene amayi ake agulitsa tomato pa Chisokone kuti amulipirire fizi aphunzirira nchito ya moyo wake wonse.

Ise tikuti uku ni kubera achinyamata dzuwa likuswa mtengo. Ndalama alipira ya lero, koma nzeru imene awapatsa ni ya mamotoka amene anachoka kale pa msewu.

Tisanapite patali, timveketse: sitinyoza injini yakale ija. Mwana afunika kugwira pisitoni na manja ake, kudziwa mmene valuvu itsegukira, kumva na zala zake kuti bawuti yalimba. Pamenepo m'poyambira. Vuto ni lakuti kwa ambiri poyambira m'pamenenso pakhala pothera. Amaliza kosi, satifiketi ili m'manja, afika pa galaji ku Chimwemwe kapena ku Masala. Motoka yoyamba kubwera yayatsa kanyale ka "check engine". Mnyamata atsegula boneti, aona mawaya na mapulagi a pulasitiki okhaokha, sadziwa pogwira. Pakatha mlungu akhala sipana boyi wotsuka mapatsi mu petulo na kukagulira abwana tokitaimu, chimodzimodzi na mnzake amene sanapondeko ku koleji.

Kanyale kaja kali na chinenero chake, ndipo chiphunzitsika. Pansi pa chiwongolero cha mamotoka ambiri pali kasoketi ka mabowo 16. Ku America lamulo linayamba kufuna soketi ya mtundu umenewu, ya OBD-II, m'mamotoka atsopano mu 1996. Ukalumikapo sikana, motoka ikuuza nambala ya vuto lake. Mwachitsanzo P0171 itanthauza kuti m'injini mwachuluka mpweya, mafuta achepa. Koma nambalayo sikamba kuti usinthe chiyani. Mwina paipi ya mpweya yang'ambika, mwina sensa yopima mpweya yada, mwina pampu ya mafuta yafooka. Kuti upeze chenicheni ufunika kudziwa kuwerenga mapu ya mawaya, kupima na multimeter, na kuchotsa zokayikira chimodzichimodzi. Iyi ndiyo nchito ya mphunzitsi. Amene sanaphunzitsidwe angosintha mapatsi mongolota, mwini motoka n'kumagula sensa pamwamba pa sensa mpaka thumba kuuma.

Pa pulogalamu yathu ya pa wailesi, tikangotsegula mafoni pa nkhani ya mamotoka, madandaulo ni amodzimodzi. Wina anamuchotsera thermostat ati motoka isamatenthe. Koma injini ikamayenda yozizira, kompyuta iganiza kuti ikali kudzuka m'mawa, ndiye iwonjezera mafuta tsiku lonse, mwini wake n'kumadabwa kuti petulo ithera kuti. Wina anamuthirira oyilo wa giyabokosi ya otomatiki wamba mu giyabokosi ya CVT, imene ifuna oyilo wake wake, giyabokosi n'kufa. Winanso anapita na nyale ya ABS yoyaka, anabwerako itazima, osadziwa kuti angochotsa kababu kumbuyo kwa dashibodi. Kwa woyendetsa takisi kapena Yango, mlungu umodzi motoka ili pa majeki ndiye kuti kashing'i kulibe, lendi kulibe, unga kulibe. Ndipo motoka ya mabuleki obisidwa matenda ija mawa idzathamanga pa msewu wa Kitwe na Ndola, ana athu ali kumbuyo.

Kwa makanika mwiniwake, kusaphunzira kungamuphe. Toyota inayamba kugulitsa Prius ku Japan mu 1997, Aqua mu 2011, ndipo lero ma hybrid amenewa tiwaona m'misewu yathu kamba koti samwa mafuta ambiri. Batire imene tinazolowera ni ya mavoti 12. Batire yaikulu ya Aqua ni ya mavoti 144, ya Prius ipitirira 200. N'chifukwa chake mawaya ake anawaveka mtundu wa olenji, kuti aliyense aone kuti apa si pogwira chigwiregwire. Pali pulagi yodulira magetsi imene uyamba wachotsa, pali magolovesi apadera, pali nthawi yodikira magetsi atsike. Kodi ni angati mwa ana amene amaliza kosi ya umakanika anavalapo magolovesi amenewo ngakhale kamodzi?

Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba ndithu. Mu April 2022 dziko lathu na DR Congo anasainirana pangano ku Lusaka lofuna kupanga mabatire a mamotoka a magetsi. Motoka ya magetsi idya mkuwa wochuluka katatu kapena kanayi kuposa ya petulo, mkuwa womwewu umene azibambo athu akumba pansi pa Nkana. N'zochititsa manyazi kuti dera limene lidyetsa dziko lonse la pansi mkuwa wa mamotoka a mawa lilephere kuphunzitsa ana ake kukonza mamotoka a dzulo.

Asatiuze kuti kuno sizingatheke. Ku NORTEC ku Ndola, boma linagwirizana na kampani ya Volvo, bungwe la UNIDO na Sida ya ku Sweden, n'kukhazikitsa ZAMITA, kumene achinyamata aphunzira kukonza makina akuluakulu pa zipangizo za masiku ano. Ku Mufulira nako Mopani inamanga sukulu yake yophunzitsira amisiri. Izi n'zabwino ndipo tiziyamikira. Koma onani bwino amene zitumikira: makina a m'migodi na a pa misewu, amene eni ake ali na mawu ku maofesi. Vitz ya mayi wa ku Ndeke imene itenga ana kusukulu m'mawa n'kukhala takisi masana ilibe woikambira. Komatu nchito zimene zili pafupi na mwana wa m'komboni zili pa mamotoka ang'onoang'ono amenewa. Mgodi ulemba anthu owerengeka, pamene Vitz iwonongeka pa ngodya iliyonse.

Yankho limene timamva nthawi zonse ni lakuti ndalama kulibe. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuyambira January 2017 mabwana a makampani alipira msonkho wa maluso, 0.5 peresenti ya malipiro onse a anchito awo, ndipo ZRA itolera ndalamazo kuti zithandize maphunziro a nchito za manja. CDF nayo inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022, ndipo mbali ina ni ya mabasare a maluso. Chaka chimenecho, makonsitichuwense asanu a Kitwe na anayi a Ndola anayenera kulandira zopitirira K230 miliyoni pamodzi. Sikana yabwino yophunzirira mtengo wake ulingana na wa foni imene ena a ife tili nayo m'thumba. Ndalama ilipo. Chimene chisowa ni munthu wofunsa kuti mwana amene tamulipirira basare uja akakhala m'kalasi adzagwira chiyani. Andale akonda kuwerenga mitu, ati chaka chino tatumiza achinyamata akutiakuti ku makoleji. Palibe amene abwerera kukaona ngati m'wekishopumo muli motoka imene ilira.

Ena akuti ana a masiku ano aphunzira pa YouTube, nanga tivutikiranji. Zoona, amakanika ambiri ochenjera a m'tauni muno anadziphunzitsa okha pa foni, ndipo tiwavulira chipewa. Koma ngati n'choncho, fizi ija ni ya chiyani? Koleji singalandire ndalama ya chaka chonse n'kuuza mwana kuti zenizeni akazione yekha na mabandulo ake. Ndiponso foni siimirira pambali pako kukugwira dzanja pamene ufuna kukhudza waya wa olenji.

Aphunzitsi nawo sitiwaponya miyala. Ambiri anaphunzira nthawi ya kabureta na mapointi, ndipo palibe anawatumako kukaona zatsopano. Amene adziwa zamagetsi a motoka, migodi na makampani ogulitsa mamotoka awakoka na malipiro amene koleji yaing'ono singafikeko. Otsala aphunzitsa sensa pojambula na choko pa bolodi. Munthu sangapatse mnzake chimene iye alibe.

Ndiye tifuna chiyani? A TEVETA, amene lamulo la 1998 linakupatsani udindo wolembetsa makoleji a maluso na kuyang'anira maphunziro ake, mukapita kukayendera koleji musamathere mu ofesi ya ahedi. Pemphani makiyi, mulize motoka yophunzirira, muitane mwana mmodzi alumike sikana inu mukuona. Koleji imene ilibe motoka ya injekishoni yoyenda, sikana na ma multimeter okwanira isaloledwe kutenga ndalama ya kosi imeneyi. Ku ndalama ya msonkho wa maluso kuchoke gawo lotumiza mphunzitsi aliyense wa umakanika ku galaji yamakono milungu ingapo chaka chilichonse. Mamotoka a ngozi amene aolera pa mapolisi na amene makampani a inshuwalansi awataya, akatha milandu yake, ena apite ku makoleji. Ngakhale bodi itapindika, mawaya, masensa na kompyuta zake ni buku lathunthu.

Ndipo tsegulani geti kwa amisiri a m'magalaji. Ku malo a mafakitale a Kitwe na Ndola kuli akuluakulu amene amva vuto la giyabokosi na khutu, na anyamata amene awerenga sikana ngati nyuzipepala, koma alibe pepala lililonse. TEVETA ili kale na njira ya mayeso a trade test na yozindikira luso limene munthu anaphunzira pa nchito. Ayesedwe, apatsidwe mapepala, alipidwe kubwera kudzaphunzitsa tsiku limodzi pa mlungu. Inu a makomiti a mawadi amene musaina mafomu a basare, pitani mukaone wekishopu musanasaine.

Kwa inu anzathu amene mufuna kuyamba kosi imeneyi, anyamata na atsikana omwe, musamve za anthu amene akuti umakanika ni wa olephera Giredi 12. Motoka ya lero ifuna mutu wa masamu na wa magetsi, ndipo nchito imeneyi idyetsa banja. Koma musanalipire ngakhale ngwee imodzi, kapena musanalembe dzina la koleji pa fomu ya CDF, pemphani kuona wekishopu. Funsani kuti motoka yatsopano kwambiri imene muphunzitsira ni ya chaka chanji. Funsani kuti sikana ili kuti, ndipo mwana wa sukulu aloledwa kuigwira kapena ikhala yokhomeredwa mu kabati ya abwana. Funsani kuti atachimenti akupezerani ndani. Akayamba kukuonetsani zithunzi za pa kalenda m'malo mwa injini, bwezani ndalama yanu m'thumba. Koleji imene iopa mafunso atatu a mwana wa zaka 18 ilibe choti imuphunzitse.